NDEMANGA: Nsomba yamoyo nayonso ndi chuma

Abale athu amene anafikako ku Metangula, ku Nkhata Bay kapena ku Cape Maclear amabwera ndi nkhani imene imaseketsa anthu pa msika wa Fingoè. Akuti kumeneko kuli alendo ochokera kutali amene amalipira ndalama zambiri kuti alowe pansi pa madzi, atamanga botolo la mpweya kumsana, n'cholinga chongokaona nsomba basi. Saigwira, saidya, ndipo akavuuka amakhala osangalala ngati munthu amene wadzaza bwato. Msodzi wa ku Chipera akamva zimenezi amapukusa mutu, chifukwa kwa iye nsomba yooneka ndi maso koma osalowa mu ukonde ndi nsomba ya mwini.

Komabe pambuyo pa kuseka pamabwera funso. Ngati anzathu a ku Niassa ndi ku Malawi akupeza ndalama poonetsa nsomba, nanga ife a ku Marávia, amene kummwera konse kwa distrito yathu ndi madzi a Cahora Bassa, tikudikira chiyani? Funso limeneli si lopusa, ndipo achinyamata amene amalifunsa akufuna ntchito, sakufuna zoseketsa. Ife a tsamba lino tikuona kuti liyenera kuyankhidwa moona mtima, chifukwa yankho lolakwika lingathe kuphetsa ana athu, pamene kusayankha konse kungatitayitse phunziro limene tikulisowa kwambiri.

Tiyambe ndi kufotokoza chimene alendowo amachita. Kubira pansi pa madzi ndi botolo la mpweya, kumene pa Chipwitikizi amati mergulho, kunafala dziko lonse kuchokera mu 1943, pamene anthu awiri a ku France, Jacques Cousteau ndi Émile Gagnan, anapanga chipangizo chopatsa munthu mpweya wa m'botolo molingana ndi m'mene akupumira. Wobira amavala galasi lotseka maso ndi mphuno, ndi nsapato zazitali zonga zipsepse za nsomba. Malo ena amafuna boti kuti munthu akafike, koma malo amene alendo ambiri amawakonda ndi aja oti munthu amangoyenda kuchokera pagombe, madzi n'kufika m'chiuno, kenaka n'kumira pang'onopang'ono mpaka pa miyala pamene pamakhala nsomba. Malo otere ndi otchipa, ndipo ndalama zake zimagwa pamudzi pomwepo: kwa mwini nyumba yogona alendo, kwa mayi wophika, kwa mnyamata woperekeza.

Dziko lathu la Mozambique lili ndi malo otchuka pa nkhani imeneyi, koma ambiri ali kunyanja ya mchere. Ku Tofo, m'provinsia ya Inhambane, anthu amapita kukaona tubarão-baleia, nsomba yaikulu koposa zonse pa dziko, imene imatha kutalika mamita 12 koma siluma munthu, ndiponso raia manta, yotambasuka ngati mphasa. Zilumba za Bazaruto zinatetezedwa mu 1971, za Quirimbas ku Cabo Delgado mu 2002, ndipo madzi a ku Ponta do Ouro mu 2009. Kuyambira mu 2021 malamulo a usodzi wa m'nyanja ya mchere amaletsa kupha tubarão-baleia ndi manta. Boma silinachite zimenezi chifukwa cha chifundo chokha. Nsomba imodzi yamoyo, imene alendo angaione chaka ndi chaka, imabweretsa ndalama zoposa nyama yake itagulitsidwa tsiku limodzi.

Kwa ife olankhula Chinyanja, chitsanzo chapafupi ndi nyanja imene kuno timati Niassa ndipo anzathu amati Malawi. Madzi ake ndi oyera mwakuti nyengo yabwino munthu amaona mtunda wa mamita 20 ali pansi. M'miyala ya m'mphepete mwake mumakhala timbuna, tinsomba tating'ono tosaposa chikhatho, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, tomwe timadya ndere pa miyala. Nyanja imeneyi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, mitundu mazanamazana, ndipo yochuluka mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Chilumba chimodzi chimatha kukhala ndi mbuna zakezake zimene pa chilumba choyandikana nacho palibe. Yaikazi imafungatira mazira ndi ana m'kamwa mpaka atalimba, ndipo mlendo amatha kuziona zimenezi ndi maso ake ali pa madzi ofika m'khosi. Boma la Malawi linakhazikitsa paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear mu 1980, bungwe la UNESCO n'kuiika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 1984. M'pakimo saloleza kuponya ukonde pa mtunda wa mamita 100 kuchokera pagombe. Mbali yathu ya nyanjayi, ku Metangula ndi ku Cóbuè, inatetezedwa mu 2011.

Tsono tibwerere kwathu. Cahora Bassa si Niassa, ndipo aliyense wouza achinyamata athu kuti ndi chimodzimodzi akuwanamiza.

Choyamba, madzi athu ndi odetsedwa ndi dothi. Mtsinje wa Luangwa, umene umathira mu Zambezi ku Zumbo, umabwera ndi matope ochuluka nthawi ya dzinja, ndipo dongo lake silikhazikika msanga. Munthu akamira m'malo ambiri a nyanja yathu amavutika kuona ngakhale mapazi ake. Palibe mlendo amene angalipire kuti akaone mdima.

Chachiwiri, nyanja yathu ndi ya dzulo. Damu la ku Songo, lotalika mamita 171, linatsekedwa mu Disembala 1974, ndipo madzi anadzaza chigwa chimene munali midzi, minda, manda ndi nkhalango, pa mtunda wa makilomita oposa 200. Anthu zikwizikwi anasamutsidwa, ndipo akuluakulu ena amene ali moyo lero angathe kuloza pa madzi n'kunena kuti apo panali munda wa bambo anga. Mitengo imene inamira ikadali chiimire pansi, ndipo yadzaza ndi maukonde akale oduka. Wobira akakodwa mu ukonde wotere m'madzi a mdima, mpweya umamuthera asanapeze pothawira. Zaka 50 sizingapange mbuna zamawangamawanga. Za ku Niassa zinatenga nyengo yaitali yosawerengeka ndi mibadwo ya anthu.

Chachitatu, ndipo chachikulu, nyanja yathu ili ndi eni ake, ng'ona ndi mvuu. Palibe mudzi wa m'mphepete mwa Zambezi umene sudziwa maliro a ng'ona. Amayi amagwidwa akuchapa, ana akutunga madzi, asodzi akuonjola maukonde. Malo amene alendo amabira ku Niassa ndi a miyala, a madzi oyera, kutali ndi mabango ndi mathiriro a mitsinje kumene ng'ona zimakonda. Kwathu kuno magombe ambiri ndi a matope ndi udzu, ndiye kuti ndi khomo lenileni la ng'ona. Onjezerani likodzo, limene limakhala m'madzi odikha a m'mphepete momwe muli nkhono, ndiye muona kuti nkhaniyi si ya masewera.

Palinso china chimene ongoonera sachidziwa. Kubira ndi botolo kuli ndi malamulo ake, ndipo wowaphwanya salipira faindi, amalipira moyo. Munthu akatsika mamita 10 aliwonse, kulemera kwa madzi pa thupi lake kumawonjezeka mofanana ndi kulemera kwa mpweya wonse umene umatipanikiza pamtunda. Akakwera atagwira mpweya m'chifuwa, mapapo amatha kung'ambika. Akakhalitsa pansi n'kukwera mothamanga, mpweya wosungunuka m'magazi umachita thovu ngati botolo la chakumwa lotsegulidwa mwadzidzidzi, ndipo munthu amatha kufa ziwalo. Ndi chifukwa chake sukulu zophunzitsa ntchitoyi zimaletsa wophunzira kumene kupitirira mamita 18, zimaletsa aliyense wobira mongosangalala kupitirira mamita 40, ndiponso zimaletsa kubira munthu ali yekha. Chithandizo cha matenda amenewa chimafuna chipinda chapadera chopanikiza mpweya, chimene pa chipatala cha distrito sichipezeka. Amene amadziwa msewu wochokera ku Zumbo kudzera ku Fingoè mpaka ku Bene nthawi ya mvula angathe kudziyankha yekha ngati wodwala wotere angafike ku Tete ali moyo.

Choncho yankho lathu loyamba ndi lakuti ayi. Magombe a Marávia si malo obirapo, ndipo mnyamata asayese kumira ndi galasi kapena paipi yogula pa kaunjika chifukwa choti anaona ena akuchita pa foni. Pomwepa tikupemphanso eni maukonde. Ukonde ukakodwa pa chitsa pansi pa madzi, musatume mwana kapena waganyu kuti amire akaukole. Ukonde umagulidwa ndi meticais, koma mwana wa munthu alibe sitolo. Mwini ukonde wochita zimenezi ayenera kuitanidwa pa bwalo la mfumu ngakhale mnyamatayo atavuuka wamoyo.

Koma tikangoima pa ayi, ndiye kuti tataya nsomba pamodzi ndi madzi. Phunziro la ku Cape Maclear ndi ku Tofo si botolo la mpweya. Phunziro lake ndi lakuti nsomba ili ndi mtengo isanafe, ndipo mudzi wosunga malo amene nsomba zimaswanirana ndi umene umadya nthawi yaitali. Phunziro limeneli likutikhudza ife kuposa wina aliyense, chifukwa asodzi athu omwe ndi amene amadandaula kuti pende wa masiku ano ndi wochepa msinkhu poyerekeza ndi uja ankagwidwa nkhondo itangotha.

Tikumbukire m'mene zinayendera. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu athu anabwerera kuchokera ku Ukwimi ku Zambia ndi ku misasa ya ku Malawi, ndipo anapeza nyanja yodzaza chifukwa kwa zaka zambiri inali itapuma. M'zaka zomwezo anayamba kufika mabwato akuluakulu a kapenta ndi nyali zawo za usiku, ambiri mwa iwo a anthu ochokera ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Kapentayo si wakuno: anatengedwa ku nyanja ya Tanganyika n'kuikidwa ku Kariba mu 1967 ndi 1968, ndipo anatsika yekha ndi madzi mpaka kwathu. Pende wouma wothira mchere, amene amalonda amamutcha chicoa, anapeza msika ku Tete, ku Malawi, ku Zambia mpaka ku Congo. Ndalama zinalowa, anthu anachuluka m'madoko, maukonde anachuluka, ndipo maso a maukondewo anayamba kuchepa chaka ndi chaka mpaka tinafika pa chikokota, ukonde wosokedwa ndi neti ya udzudzu.

Chikokota ndi mdani wa mudzi kawiri. Neti imene inaperekedwa kuti mwana asadwale malungo imachoka pa mphasa n'kupita kumadzi, ndipo kumadziko imakokolola chilichonse: mazira, ana a pende, ana a ncheni, ngakhale tizilombo timene nsomba zimadya. Pende amakumba chisa pa mchenga wa madzi osaya, ndipo yaikazi imasunga ana m'kamwa monga mbuna za ku Niassa zija. Munthu wokoka chikokota pagombe nyengo yoswana amapha mayi, ana ndi chisa pa ulendo umodzi, n'kudzaza beseni la tinsomba timene mtengo wake sufika pa wa pende asanu akuluakulu. Malamulo a usodzi amaletsa ukonde umenewu. Vuto ndi lakuti lamulo lili pa pepala ku Maputo, pamene chikokota chili pa madzi ku Chipera.

Wina asaganize kuti nyanja yaikulu singathe nsomba. Anzathu a ku Malawi anaona ndi maso awo ku nyanja ya Malombe, kumene chambo chinali chochuluka m'zaka za m'ma 1980, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chinali chitatha pafupifupi chonse chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono amene ankasesa pansi. Kuno kwathu tili ndi chenjezo lina. Pende wa ku Nile, amene anathawa m'malo oweteramo nsomba kumtunda kwa Zambezi, walanda malo a pende wathu wakale wa m'chigwa chino, mwakuti ku Kariba wakaleyo wasowa kwambiri. Ndipo chilala cha 2024 chinatsitsa madzi a Cahora Bassa kwambiri mpaka magombe amene nsomba zinkaswanirapo anasanduka fumbi. Nyanja imene ikulimbana ndi zonsezi singapirirenso neti ya udzudzu.

Koma ku Malawi komweko kuli chitsanzo cholimbikitsa, ndipo sichinachokere ku ofesi. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula chaka chilichonse kuyambira zaka za m'ma 1950. Nyengo yotseka ikafika asodzi onse amachoka pa chilumbapo, ndipo wophwanya lamulo amaweruzidwa ndi mfumu. Akatsegula, utaka umapezeka. Ngati mfumu ya ku Salima ingathe, mafumu a dziko la Undi alepherenji? Anthu athu amadziwa kale kuti manda sadulamo mitengo ndipo dziwe la mizimu saponyamo mbedza. Kupatula gombe limodzi kuti likhale nkhokwe ya nsomba si mwambo wachilendo kwa ife.

Nanga za alendo? Marávia ili ndi chake choonetsa, koma chili pamwamba pa madzi osati pansi. Ncheni wa mu Zambezi, wa mano onga misomali, amene azungu amamutcha peixe-tigre, ndi nsomba imene anthu owedza mongosangalala amaiyendera maulendo ataliatali. Ku Kariba akhala akuchita mpikisano wowedza ncheni kuyambira mu 1962, ndipo tsidya la kummwera la nyanja yathu, kufupi ndi Songo, alendo otere amafika. Ambiri mwa iwo akagwira ncheni amamuyeza, kumujambula, n'kumubwezera m'madzi. Ncheni mmodziyo angagwidwe ndi alendo angapo, ndipo aliyense amalipira boti, woperekeza, chakudya ndi pogona. Pali vundu, pali nchenga, pali nkhwazi zimene zimalira m'mitengo youma, pali mvuu zimene mlendo angazione ali m'boti patali bwino. Woperekeza wabwino pa ntchito imeneyi ndi mwana wa msodzi, amene amadziwa pamene ncheni amadya m'mawa ndi pamene mvuu ili ndi mwana. Nzeru imeneyi ili kale m'midzi yathu. Chosowa ndi maphunziro pang'ono, boti lodalirika ndi majekete oyandamitsa munthu.

Sitikulonjeza kuti alendo adzakhamukira kuno mawa. Msewu ndi wovuta, ndipo tsidya linalo linatitsogolera, makamaka kuchokera pamene paki ya Mágoè inakhazikitsidwa mu 2013. Koma provinsia yathu ndi imene inaphunzitsa dziko lonse za kugawana phindu la zachilengedwe, kudzera mu Tchuma Tchato imene inayamba ku Bawa mu 1994, ndipo kuyambira mu 2005 pali lamulo lakuti gawo la 20 pa 100 la misonkho ya nkhalango ndi nyama zakuthengo lizibwerera kwa anthu a m'deralo. Maganizo omwewo ayenera kufika pa madzi. Munthu sateteza chinthu chimene saona phindu lake. Pamene damu linabwerera m'manja mwa dziko lathu mu Novembala 2007 tinaimba kuti Cahora Bassa ndi yathu. Ngati ndi yathu, ndiye kuti kuisamala ndi kwathunso, pakuti walira mvula walira matope.

Choncho tikupempha zinthu zinayi, ndipo palibe chimodzi mwa izo chofuna ndalama za kunja.

Kwa a administrador ndi oyang'anira za usodzi m'distrito: khalani pansi ndi mafumu ndi makomiti a asodzi, aja a CCP, ndipo doko lililonse lisankhe gombe limodzi la madzi osaya loti pasaponyedwe ukonde chaka chonse. Malire ake aikidwe ndi asodzi eni ake, chifukwa ndiwo amadziwa pamene pende amakumba zisa. Polanda chikokota musayambire kwa mayi wamasiye wofuna ndiwo za ana, n'kusiya wamalonda amene amagula tinsombato ndi matumba. Lamulo loluma osauka okha anthu salilemekeza.

Kwa mafumu: mawu anu amafika kumene galimoto ya boma sifika. Letsani kutuma ana pansi pa madzi. Letsani kukoka neti ya udzudzu. Ndipo mlendo wobwera ndi maukonde ake alandiridwe monga mwa mwambo wathu, koma auzidwe malamulo a doko tsiku lomwe wafika.

Kwa aphunzitsi: ana athu amaphunzira mayina a mitsinje ya ku Ulaya, koma ambiri sangasiyanitse mwana wa ncheni ndi kapenta. Itanani msodzi wachikulire adzafotokoze m'kalasi mayina a nsomba, nyengo imene zimaswana, ndi malo amene ng'ona imabisala. Mlendo wa ku Cape Maclear amalipira kuti adziwe dzina la kansomba kamodzi. Mwana wathu angadziwe makumi awiri osalipira kanthu, ndipo tsiku lina nzeru imeneyo ingamudyetse.

Kwa achinyamata amene mtima wawo uli pa kubira: ntchitoyi ilipo ndipo ndi yolemekezeka. Pali anyamata a m'midzi ya asodzi ku Nkhata Bay ndi ku Inhambane amene anaphunzira mpaka kukhala operekeza alendo pansi pa madzi. Koma anaphunzira pa sukulu yake, m'madzi oyera, ndi mphunzitsi ali pambali. Amene akufuna zimenezi asunge ndalama, apite kumeneko akaphunzire bwino, alandire chiphaso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Abale a ku Marávia, tisamaseke kwambiri mlendo wolipira kuti aone nsomba. Iye anachokera kumene zinatha, ndipo akudziwa mtengo wa chimene ife timachiyesa chamba. Ife zikadalipo. Tisadikire kuti adzukulu athu adzakwere basi mpaka ku Metangula kuti akaone nsomba yamoyo, pamene anabadwira m'mphepete mwa Zambezi.